Mafilimu a Chifalansa oonera pamodzi ndi ana: kasankhidwe ndi kaoneredwe kake

Makolo amene ana awo ayamba kuphunzira Chifalansa kusukulu, komanso amene akukhala kumayiko kumene chinenerochi chimamveka tsiku ndi tsiku, amandifunsa funso limodzimodzi: kodi ndi filimu iti imene tingaonere pakhomo pamodzi ndi ana? Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, n'kumangotchula mayina angapo a mafilimu, koma pakapita masabata ochepa munthu yemweyo amabwerera n'kunena kuti ana anatopa filimu isanafike pakati, kapena kuti munatuluka zinthu zimene zinachititsa manyazi akuluakulu amene anali pabalaza. Mayina a mafilimu aliyense angathe kuwapeza pa intaneti m'mphindi zochepa. Chimene chimasowa ndi dongosolo la mmene banja lingakhalire pansi n'kutsatira nkhani imene ikukambidwa m'chinenero chimene mwana akuchidziwa pang'ono chabe, pamene mwina kholo silichidziwa n'komwe. Ndalemba dongosololi pano mwatsatanetsatane, ndipo ndakhalitsa pa gawo lachisanu ndi chimodzi chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amagwera ulesi.

1. Yambani mwadziwa chimene mukufuna

Pali mabanja amene akungofuna kusangalala ndi kuona mmene anthu a kwina amakhalira, ndipo pali ena amene akufuna kuti khutu la mwana lizolowere Chifalansa chifukwa akuchiphunzira m'kalasi kapena adzalemba mayeso ake. Zolinga ziwirizi zimafuna kaoneredwe kosiyana, choncho gwirizanani musanayatse kanema. Pa nkhani ya msinkhu, amene amalamula ndi mwana wamng'ono kwambiri pa gululo, popeza wamkulu angathe kupirira filimu ya ana aang'ono koma wamng'ono sangapirire ya akuluakulu. Kwa mwana wosakwana zaka 6, musapitirire mphindi 30 kapena 40 pa nthawi imodzi.

2. Tsimikizani kuti filimuyo ndi ya Chifalansa chenicheni

Apa pali zidule zimene mudzakumana nazo pa ma DVD, pa mapulogalamu oonera mafilimu ndi pa ndandanda za wailesi za kanema, ndipo ndi bwino kuzidziwa. Zilembo VO zikuimira version originale, kutanthauza kuti filimu ikulankhula chinenero chimene inajambulidwira. VF ndi version française, kutanthauza kuti mawu amene mukumva ndi a Chifalansa, ndipo kawirikawiri zilembozi zimalembedwa pa filimu ya chinenero china imene anthu ena anailankhulira mawu a Chifalansa pamwamba. VOST, kapena VOSTFR, ndi filimu imene ili m'chinenero chake choyambirira koma m'munsi mwa chithunzi mukudutsa mawu olembedwa a Chifalansa. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kutenga filimu ya ku America yolembedwa VOSTFR poganiza kuti ndi ya Chifalansa, n'kupeza kuti anthu onse a mmenemo akulankhula Chingerezi. Mukaona VFQ, dziwani kuti mawuwo anajambulidwa ku Québec, m'dziko la Canada. Chifalansa cha ku Québec ndi Chifalansa ndithu, koma m'mafilimu ojambulidwa komweko, monga La Guerre des tuques ya mu 1984, katchulidwe ndi mawu ena zimasiyana kwambiri ndi zimene mwana amamva kwa aphunzitsi ake, choncho si poyambira pabwino.

Dzina la Chifalansa pa chikuto silitsimikizira kanthu. Filimu ya makatuni ya Le Petit Prince ya mu 2015 inapangidwa ndi ndalama za makampani a ku France ndipo nkhani yake inachokera m'buku lotchuka la Antoine de Saint-Exupéry, koma wotsogolera wake, Mark Osborne, ndi wa ku America ndipo milomo ya makatuniwo inajambulidwa motsatira Chingerezi. Mafilimu ambiri abwino a ku West Africa amaikidwa m'gulu la mafilimu a Chifalansa chifukwa cha mayiko amene anachokera, chikhalirecho anthu a mmenemo akulankhula zinenero zakwawo. Yaaba, ya Idrissa Ouédraogo wa ku Burkina Faso, ya mu 1989, ili m'chinenero cha Mooré, ndipo La Petite Vendeuse de Soleil, ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, ya mu 1999, mbali yake yaikulu ili m'chinenero cha Wolof. Onsewa ndi mafilimu oyenera kuonera ndi ana okulirapo, koma sathandiza khutu kuzolowera Chifalansa. Palinso Azur et Asmar ya Michel Ocelot, ya mu 2006, mmene anthu ena amalankhula Chiarabu popanda kumasulira kulikonse. Wopanga filimuyo anachita dala kuti woonera alawe mmene mlendo amamvera pakati pa anthu a chinenero china, choncho musavutike kufunafuna mawu amene kulibe.

Dziwaninso kuti filimu imodzi ingathe kukhala ndi maonekedwe awiri. La Marche de l'empereur, ya Luc Jacquet, ya mu 2005, imene imaonetsa moyo wa mapengwini ku Antarctica, m'Chifalansa inapangidwa ngati kuti mbalamezo, bambo, mayi ndi mwana, zikudzilankhulira zokha, pamene imene inatulutsidwa ku America ili ndi munthu mmodzi wofotokoza, Morgan Freeman. Mukaika mawu olembedwa a imodzi pa inzake, palibe chimene chidzagwirizane.

3. Musadalire chizindikiro cha tous publics, onerani nokha choyamba

Ku France filimu iliyonse yoonetsedwa m'nyumba za kanema imalandira chilolezo kuchokera kwa nduna ya zachikhalidwe, motsatira malangizo a komiti ya m'bungwe la boma loona za mafilimu la CNC. Magulu ake ndi tous publics, kutanthauza kuti aliyense angathe kulowa, kenako oletsedwa kwa osakwana zaka 12, 16 ndi 18, ndipo nthawi zina amawonjezera chenjezo lotchedwa avertissement. Pa wailesi za kanema pali zizindikiro zina, -10, -12, -16 ndi -18, zimene zimaoneka pakona ya chithunzi. Chimene makolo ambiri sachidziwa n'chakuti tous publics sikutanthauza kuti filimuyo inapangidwira ana. Kumangotanthauza kuti lamulo silikuletsa mwana kulowa, ndipo mafilimu ochuluka kwambiri a ku France, kuphatikizapo a nkhani za akuluakulu zenizeni, ali m'gulu limeneli. Anthu a kumeneko saona vuto lalikulu pa kuonetsa thupi, kupsompsonana, vinyo patebulo kapena mwana woyankha makolo ake mwamwano, zinthu zimene pakhomo pathu zingakhalitse chete pabalaza ponse, makamaka ngati agogo kapena apongozi alipo.

Chitsanzo chodziwika ndi Kirikou et la Sorcière ya mu 1998. Nkhani yake ikuchitikira m'mudzi wa ku West Africa, amayi a m'mudzimo anajambulidwa osavala kumtunda ndipo kamwana Kirikou kamathamanga kali mbulanda. Palibe zolaula mmenemo, ndipo ine ndimaiona kuti ndi imodzi mwa mafilimu abwino koposa amene mungaonetse mwana, koma ndi bwino kuti mudziwiretu, n'kusankha nokha ngati muonera ndi alendo kapena ayi. Ma vie de Courgette, ya Claude Barras, ya mu 2016, imaoneka ngati ya tizidole toseketsa, koma imayamba ndi imfa ya mayi chidakwa imene inachitika mwangozi chifukwa cha mwana wake wa zaka 9, ndipo ana amene iye akukumana nawo kumalo osungirako ana ali ndi mbiri zopweteka. Ndi filimu yachifundo kwambiri, koma si ya mwana wa zaka 5, ndipo ngati pakhomo panu mukulera mwana wamasiye amene bala lake lidakali laliwisi, ganizirani bwino. Aya de Yopougon ya mu 2013, imene ikuchitikira ku Abidjan, ndi ya makatuni, koma ikukamba za zibwenzi, mimba yapathengo ndi abambo oyenda njira, choncho isungireni achinyamata. Mu La Guerre des tuques galu amafa kumapeto.

Njira yodalirika ndi kuonera nokha usiku ana atagona. Ngati nthawi palibe, idutsitseni mofulumira mukuima apa ndi apo, kenako muwerenge zimene makolo ena analemba. Tsamba la ku France la AlloCiné limalemba msinkhu woyenera pa mafilimu ambiri a ana ndi mawu akuti à partir de 6 ans, kutanthauza kuyambira zaka 6, ndipo la Benshi linakhazikitsidwa makamaka kuti lisankhire ana mafilimu molingana ndi msinkhu. Pa tsamba la za mafilimu la IMDb pali gawo la malangizo a makolo limene limatchula malo enieni amene muli zoopsa kapena zochititsa manyazi. Kuonera nokha kuli ndi phindu lina limene lidzaonekere pa gawo lachisanu ndi chimodzi.

4. Sankhani poyambira, kuchokera pa mawu ochepa kupita pa mawu ambiri

Anthu ambiri amayamba ndi Astérix chifukwa ndi dzina limene analimvapo. Astérix et Obélix: Mission Cléopâtre ya mu 2002 ndi yoseketsadi kwa Mfalansa, koma nthabwala zake zagona pa kusewera ndi mawu komanso pa zinthu zimene zinkachitika ku France nthawi imeneyo, ndipo anthu ake amalankhula mothamanga. Mwana wongoyamba kumene sapezamo kanthu kupatula nkhonya. Isungeni.

Kwa aang'ono kwambiri yambani ndi timakatuni tatifupi ta pa wailesi ya kanema monga Trotro, T'choupi ndi Petit Ours Brun. Gawo lililonse limatenga mphindi zochepa, mawu ake ndi a zinthu za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kudya ndi kugona, ndipo amabwerezedwabwerezedwa. Filimu yeniyeni yoyamba ikhale Le Ballon rouge ya Albert Lamorisse, ya mu 1956, imene ndi ya mphindi 34 zokha ndipo mawu ake ndi owerengeka. Ndi nkhani ya kamnyamata ka ku Paris ndi chibaluni chofiira chimene chimakatsatira kulikonse ngati chili ndi moyo. Inalandira mphoto ya Palme d'or ya mafilimu aafupi ku Cannes komanso Oscar ya nkhani yolembedwa bwino, ndipo mwana wa zaka 4 amaitsatira popanda womuthandiza, ngakhale kuti angalire pamene anyamata ena akuphulitsa chibalunicho. Microcosmos ya mu 1996, imene imaonetsa tizilombo ta m'dambo pafupi kwambiri, ndi Minuscule: La Vallée des fourmis perdues ya mu 2013, ya nkhondo ya nyerere zakuda ndi zofiira polimbirana bokosi la shuga, nazonso sizidalira mawu. Mafilimu otere saphunzitsa Chifalansa chambiri, koma amazoloweretsa mwana kukhala pansi n'kumvetsa nkhani ndi maso, luso limene adzalifune kwambiri mawu akadzachuluka.

Kuyambira zaka 6 kapena 7, Kirikou ndiye woyamba. Michel Ocelot anakulira ku Guinea ali mwana, nyimbo za filimuyi anapeka ndi Youssou N'Dour wa ku Senegal, ndipo mawu ake anajambulidwa ku Dakar ndi anthu a kumeneko, amene amalankhula Chifalansa chodekha, chomveka liwu lililonse. Nkhani yake ikuyenda ngati nthano zimene timazidziwa: kasupe wa m'mudzi waphwa, amuna atha, onse akuopa mfiti yotchedwa Karaba, ndipo kamwana kokha ndi kamene kakufunsa chifukwa chimene Karabayo alili woipa mtima, mpaka kupeza kuti ali ndi munga umene anamubaya pamsana. M'dera limene okalamba amanamiziridwa ufiti mpaka kuvulazidwa, funso la kamwanako ndi loyenera kulikambirana ndi ana. Pambuyo pake tengani Ernest et Célestine ya mu 2012, ya mphindi pafupifupi 80, yochokera m'mabuku a Gabrielle Vincent wa ku Belgium, yonena za ubwenzi woletsedwa wa chimbalangondo chanjala ndi kambewa kokonda kujambula. Le Grand Méchant Renard et autres contes ya mu 2017 ili ndi ubwino wakuti ndi nkhani zitatu zosiyana, choncho mungathe kuonera imodzi pa tsiku.

Ana a zaka 9 kupita m'tsogolo angathe kulowa m'mafilimu a anthu enieni. Le Petit Nicolas ya mu 2009 ndi ya mnyamata amene akuganiza kuti makolo ake akuyembekezera mwana wina ndipo iye akamutaya kunkhalango. Belle et Sébastien ya mu 2013 ndi ya mnyamata ndi chigalu choyera m'mapiri a Alps m'chaka cha 1943, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, choncho mufunika kufotokozeratu chifukwa chimene anthu ena akuthawira ku Switzerland. Zarafa ya mu 2012 ndi ya makatuni, yotsamira pa mbiri yeniyeni ya nyamalikiti amene wolamulira wa Egypt anapereka kwa mfumu Charles X ya ku France ndipo anafika ku Paris mu 1827, koma ili ndi zithunzi za malonda a akapolo zimene zimafuna kholo pafupi. Imene sindinaionepo ikulephera kwa ana okulirapo ndi Les Choristes ya Christophe Barratier, ya mu 2004, yonena za mphunzitsi amene akuyambitsa kwaya pa sukulu yogonera komweko ya anyamata ovuta m'chaka cha 1949. Mwana aliyense amene anaimbapo kwaya kutchalitchi kapena amene anakhalapo pansi pa mphunzitsi wamkulu wankhanza amaimva msanga, ngakhale mawu ena atamudutsa.

5. Ipezeni nthawi idakalipo

Pulogalamu yoonera mafilimu a Chifalansa pa intaneti ya TV5MONDEplus, imene inayamba mu 2020, ndi yaulere ndipo ili ndi gawo la ana, ngakhale kuti zimene zilipo zimasiyana malinga ndi dziko limene muli. Timakatuni tatifupi timapezeka pa YouTube, pa matsamba a eni ake. Pa Netflix ndi mapulogalamu ena olipira mungathe kusintha chinenero cha mawu, koma si filimu iliyonse imene ili ndi Chifalansa m'dera lanu, choncho yang'aniranitu. Mapulogalamu a wailesi ya boma ya ku France, monga Okoo ya ana, zambiri zake sizitseguka kunja kwa dzikolo. Amene ali pafupi ndi Alliance Française, bungwe lophunzitsa Chifalansa, monga ku Lusaka, Harare kapena Johannesburg, afunse ku laibulale yake.

Ngati wachibale akukutumizirani DVD, kumbukirani kuti ma DVD ali ndi zigawo. France, Britain ndi South Africa ali m'chigawo 2, pamene Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali m'chigawo 5, ndipo makina ena amakana chimbale cha chigawo china. Mafilimu obenetsa pamsika kawirikawiri amakhala ndi chinenero chimodzi chokha komanso mawu a m'munsi osachotseka, mwinanso olakwika, kuwonjezera pa kuti eni filimu sapindulapo kanthu. Kumene pulogalamu ikulola, tsitsani filimu yonse masana kapena usiku pamene bandulo ili yotchipa, ndipo tchajani laputopu, kuti intaneti ikafooka kapena magetsi akathima nkhani isadukire pakati. Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi pa ntchito imeneyi: sipika ya foni imameza mapeto a mawu, choncho lumikizani kasipika kena ngati kalipo.

6. Konzani za mawu a m'munsi ndi za kumasulira

Malangizo ambiri amangoti ikani mawu a m'munsi, basi. Koma taganizirani zimene zikuchitika m'mutu mwa mwana wa Sitandade 4 amene mwamuikira mawu a Chingerezi. Khutu lake likumva Chifalansa, maso ake akuthamangitsa Chingerezi chimene nachonso adakachiphunzira, ndipo kuti amvetse akutembenuzira zonse m'Chichewa. Mzere umachoka asanaumalize, nkhope ya amene akulankhula sanaione, ndipo pakatha mphindi khumi watopa. Amene amawerenga Chingerezi bwino nayenso ali ndi vuto lake, lakuti ubongo umasankha njira yosavuta: amangowerenga, ndipo Chifalansa chija chimasanduka phokoso lakumbuyo. Filimu amaimvetsa ndithu, koma khutu silinagwire ntchito.

Choncho chitani motere. Kwa mwana amene sanayambe kuwerenga mothamanga, zimitsani mawu a m'munsi onse. Musanayambe, mufotokozereni m'Chichewa chiyambi cha nkhani ndi anthu ake, osaulula mathero: uyu ndi Ernest, ndi wosauka ndipo ali ndi njala, uyu ndi Célestine, anzake amamuuza kuti zimbalangondo zimadya mbewa, koma iye sakhulupirira. Apa ndi pamene kuonera nokha kuja kumakupindulirani, chifukwa ngakhale simudziwa Chifalansa, inuyo munaionera ndi mawu a Chingerezi ndipo nkhani yonse muli nayo. Musankhireninso mawu asanu kapena asanu ndi limodzi amene adzamveke kawirikawiri mufilimuyo, muwatchule pamodzi, n'kumuuza kuti akawamva akweze dzanja. Mu Kirikou, mwachitsanzo, mawu akuti pourquoi (chifukwa chiyani), sorcière (mfiti), maman (amayi) ndi village (mudzi) amabwera mobwerezabwereza. Mwana amene akudikira liwu amamvetsera mosiyana kwambiri ndi amene akungoyang'ana.

Filimu ikayamba, dziletseni. Tonse tikudziwa omasulira a m'mavidiyo a m'misika, amene amalankhula pamwamba pa filimu kuyambira poyamba mpaka pamapeto, n'kumawonjezera nthabwala zawo. Kumeneko zimasangalatsa, koma kholo likatero pakhomo, mwana amamvera kholo n'kusiya filimu. Imitsani filimu pokhapokha chochitika chimodzi chatha, mwina pakapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo m'malo mofotokoza, yambani mwafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo uyu wakwiyiranji. Kawirikawiri mudzadabwa kuti mwana wagwira zambiri kuchokera pa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu. Konzani pokhapo pamene wasochera pa chinthu chimene nkhani yonse yatsamirapo, monga pamene agogo ake a Kirikou akuulula za munga uja. Zina zonse zisiyeni zidutse. Mwana akafunsa tanthauzo la liwu limene simukulidziwa, muuzeni kuti simukulidziwa, mulilembe papepala mmene mwalimvera, mudzalifufuze pamodzi filimu ikatha. Kutsegula dikishonale pakati pa filimu kumapha chidwi cha onse.

Kwa mwana wa kusekondale amene waphunzira Chifalansa chaka chimodzi kapena ziwiri, ikani mawu a m'munsi a Chifalansa, osati a Chingerezi. Chifukwa chake n'chakuti Chifalansa cholankhula ndi cholemba zimatalikirana kwambiri. Zilembo zambiri za kumapeto kwa mawu sizitchulidwa, mawu amalumikizana ngati ndi amodzi, ndipo polankhula mwachizolowezi anthu amameza tizigawo tina, kotero kuti je ne sais pas (sindikudziwa) imene mwana anaiphunzira m'buku imamveka ngati liwu limodzi lalifupi. Mwana angathe kukhala ndi mawu mazana m'kope mwake koma osawazindikira akamatuluka m'kamwa mwa munthu. Akaona cholembedwa pa nthawi yomweyo imene akumva, ziwirizo zimalumikizana.

Pano pali msampha umene umakhumudwitsa ambiri. Mukatenga filimu ya ku America, n'kusankha mawu a Chifalansa ndi zolemba za Chifalansa, mudzapeza kuti zimene zikunenedwa ndi zimene zalembedwa sizikufanana. Palibe chimene chawonongeka. Olankhulira filimu amasankha mawu ogwirizana ndi kayendedwe ka milomo, pamene olemba mawu a m'munsi amamasulira paokha kuchokera ku Chingerezi n'kufupikitsa kuti akwane pamzere. N'chifukwa chake ndimalimbikira mafilimu amene anapangidwa m'Chifalansa kuchokera pachiyambi. Pa mafilimu otere funani mawu a m'munsi olembedwa SME, chidule cha sourds et malentendants, amene anakonzedwera anthu osamva ndi ovutika kumva, chifukwa ndi amene amatsatira kwambiri zimene zikunenedwa. Musadabwe akamasintha mitundu: ku France oyera ndi a munthu amene akuoneka pachithunzi, achikasu ndi a amene akulankhula koma sakuoneka, ofiira akufotokoza phokoso, ndipo obiriwira akusonyeza chinenero chachilendo. Mawu amene YouTube imadzilembera yokha musawakhulupirire kwambiri, makamaka pamene ana akulankhula kapena nyimbo ikulira, popeza mwana angaloweze cholakwika.

Nanga ngati pabalaza pali onse, wamng'ono, wa kusekondale ndi agogo? Simungakondweretse onse pa ulendo umodzi. Ulendo woyamba ukhale wa banja lonse, ndi mawu a Chingerezi kwa amene angawerenge, ndipo mmodzi azinong'oneza agogo ndi wamng'ono pa malo ofunika okha. Wa kusekondale uja ndi amene ayenera kupatsidwa udindo umenewu, chifukwa kufotokozera wina kumamukakamiza kumvetsera. Tsiku lina iye adzaonere yekha ndi mawu a Chifalansa. Ngati akuona kuti anthu akuthamanga, pa YouTube ndi pa pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC mungathe kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75, koma musapitirire apo chifukwa mawu amayamba kumveka mwachilendo. Pa VLC yomweyo, mawu a m'munsi akamatsogola kapena kutsalira, mabatani a G ndi H pa kompyuta amawasuntha pang'onopang'ono mpaka agwirizane ndi milomo.

7. Bwerezani filimu yomweyo musanathamangire ina

Akuluakulu timafuna chatsopano nthawi zonse, koma ana amakonda kubwereza, ndipo pa chinenero kubwerezako n'kumene kumagwira ntchito. Pa ulendo woyamba mwana amakhala akutsatira nkhani, pa wachiwiri amayamba kumva mawu, ndipo pa wachitatu mudzamumva akutchulira limodzi ndi Kirikou kapena akuimba ndi anyamata a kwaya aja. Siyani masiku angapo pakati, ndipo pa ulendo womaliza zimitsani mawu a m'munsi ngakhale kwa wamkulu uja. Ngati filimu yonse ikutalika, sankhani chochitika chimodzi cha mphindi zitatu chimene anachikonda, muchibwereze kangapo.

Mukamaliza kuonera, musasandutse pabalaza kukhala kalasi. Mwana akadziwa kuti filimu iliyonse imatsatidwa ndi mafunso a mayeso, Loweruka lotsatira adzapeza chochita china. Kambiranani m'Chichewa ngati mmene mumakambirana nkhani ina iliyonse, ndipo apa ndi pamene munganene maganizo anu pa zimene zikusiyana ndi kwathu, monga chifukwa chimene ana a mufilimu amaitanira makolo awo ndi tu, liwu la pakati pa anthu ozolowerana, pamene aphunzitsi ndi alendo amawaitana ndi vous, limene limagwira ntchito yofanana ndi inu waulemu. Mwana amene akuphunzira chinenerochi ayenera kudziwa kuti kwa munthu wamkulu amene sakumudziwa ayambe ndi vous mpaka mwini wakeyo atamulola kusintha. Kenako tengani pepala lija la mawu amene munalemba, mufufuze atatu kapena anayi okha, ndipo ngati mwanayo ali ndi mphunzitsi wa Chifalansa, apite nawo otsalawo kusukulu Lolemba akafunse katchulidwe kake.